Khadi la Yotamu Linakana Kuuma

Mphekesera inayamba ndi amayi ogulitsa tomato pa Kampepuza. Ankati pakhonde pa aNazimbiri pamapezeka mapazi a jombo onyowa, masanasana dzuwa lili paliwombo, mwezi wa Okutobala pamene zitsime zonse zinali zitaphwa. Ankatinso mapaziwo amachokera kumsewu n'kudzathera pakhomo, koma obwerera saoneka. Ine ndinaseka. Ndinati mwina mayiyo wapeza chibwenzi cha muukalamba, bambo wina wothirira dimba, ndipo ndinakanenadi zimenezo pachigayo anthu n'kufa nacho chikhakhali. Koma pobwerera ndinadzera kuseri kwa nyumba yawo kuti ndidzionere ndekha. Mapazi sindinawaone, ndisaname. Chimene ndinamva ndi fungo la khola la ng'ombe, chonsecho aNazimbiri alibe ngakhale mbuzi.

Kwa inu amene simukuwadziwa, aNazimbiri ndi aneba anga, tinakwatiwa m'chaka chimodzi. Mwamuna wawo anali Yotamu Kamchacha, mnyamata wamtali, mano oyera mbee, amene ankasamala ng'ombe za mkaka kumishoni. Ng'ombezo ankaziitana ndi mluzu wakewake, kawiri m'mwamba, kamodzi pansi, ndipo zinkabwera chothamanga ngati ana. Mu 1989 azungu anamutenga kuti akaphunzire za mkaka ku Holland miyezi isanu ndi umodzi. Anasiya mkazi asanathe n'chaka pabanja.

Makalata anabwera atatu, kenako zii. A mishoni analembera ku ofesi ya tauni imene ankakhala, dzina lake Wierdam, ife tinkangoti Widamu. Yankho litabwera ndine ndinaperekeza aNazimbiri kwa ahedi kuti akatiwerengere. Inali mizere iwiri yokha ndi chidindo pansi pake: munthuyu anachoka m'tauni muno, kumene analowera sitikudziwa.

Sabata isanathe dera lonse linali litadziwa kuti Yotamu wathawa ndi mzungu wa tsitsi ngati ndevu za chimanga, wa dzino lagolide, mwini mashopu awiri. Amene anayambitsa nkhani imeneyi... tiyeni tipitirire kaye.

Kuyambira pamenepo aNazimbiri anakhala ngati nsalu yoyiwalika pachingwe. Akuchimuna anakana kuwasudzula, amvekere mwana wathu ali moyo. Kutchalitchi sankawawerengera kwa amasiye, kwa apabanja nakonso ankangowayang'ana cham'mbali. Amuna anabwera kudzafunsira, iwo n'kukana. Ana anawapatsa dzina loti aDikirani. Zaka makumi atatu ndi zisanu, abale!

Tsono chaka chathachi mwana wanga Ndaziona, amene ndi namwino ku Holland komweko, anachira mwana wamwamuna n'kunditumizira tikiti kuti ndikamuthandize kulera. Kutatsala tsiku limodzi, ndikupakira kapenta m'sutikesi, ndinamva odi. Anali aNazimbiri, atanyamula kajumbo.

"Make Ndaziona, za mapazi zija munazimva?"

"Ine? Mapazi ati?"

"Musachite kudzikometsa. Si inu munanena pachigayo kuti ndapeza bambo wa dimba?"

Ndinatsokomola. Iwo anakhala pampando n'kutulutsa envulopu m'kajumbomo, yomwe ija ya chidindo.

"Ndamva dzikolo ndi laling'ono. Mukafike pa ofesi imeneyi, mukandifunsire. Ine ndakalamba, mawondo ayamba kundikana. Ndikufuna ndidziwe chinthu chimodzi ndisanafe: munthuyu ndimulire kapena ndimutukwane? Zaka zonsezi ndakhala ndikuchita zonse ziwiri, ndatopa."

Ndinailandira. Inali yozizira, yachinyezi, ngati yavuulidwa mumtsuko.

Nditafika ku Holland ndinapeza zitenje zanga zitatu zitanyowa m'sutikesi, pakati penipeni pamene ndinaika envulopuyo. Ndaziona anandikalipira kuti ndanyamula botolo losatseka. Botolo lake liti? Ndinaiyanika pachitsulo chotenthetsa nyumba chija, tsiku lonse. Masokosi a mwana ankauma gwaa pambali pake, iyo ayi.

Kunena zoona ulendo wa ku Widamu ndinkauzengereza. Lero kukuzizira, mawa mwana ali ndi chimfine, mwezi n'kutha. Ndiye tinthu tinayamba. Mdzukulu wanga, khanda la miyezi iwiri, akamayamwa ankasiya bere n'kutembenukira kukona kwa chitseko, maso tong'o, kenako n'kumwetulira ngati wina akumusewera. Kapeti ya pakhomo tinkaipeza yonyowa mbali imodzi, pomwe palibe watuluka. Tsiku lina masana ndikusita, ndinamva mluzu panja pa zenera. Kawiri m'mwamba, kamodzi pansi. Nyumba yawoyo ili pamwamba, nsanjika yachinayi.

"Ndi mphepo imeneyo, amayi," anatero Ndaziona. "Kuno mphepo imaimba."

"Mphepo yakuno inawetapo ng'ombe kumishoni?"

M'mawa mwake tinasiya mwana ndi bambo ake n'kukwera sitima, kenako basi. Dziko lake lafulati ngati mphasa, lopanda ngakhale chulu, ngalande zamadzi paliponse, zina zitaundana pamwamba. Inali cha m'ma leveni koma kunja kunali mbuu ngati dzuwa laiwala ntchito. Tikuyandikira tauniyo ndinaona munthu ataima m'mbali mwa ngalande, kutali ndi nyumba iliyonse. Wamtali, wavala jombo, kajekete kopyapyala kosayenera chisanu chimenecho. Nkhope sindinaione chifukwa anayang'ana kumadzi. Ndinagwedeza Ndaziona, koma pamene ankachotsa maso pafoni panali patangotsala mtengo wa waya.

Ofesi ya tauni tinaipeza ili m'kati mosamuka. Akuti Widamu aiphatikiza ndi matauni ena awiri, dzina lake lomwe likutha, ndiye mapepala onse akale akupita kunyumba yaikulu yosungiramo kumzinda. Makatoni anali mbwee m'khonde. Pakhomo pali kamakina kopereka nambala ya pamzere. Ndaziona anadina kamodzi, ine ndikuona ndi maso angawa. Kanatulutsa timapepala tiwiri, 41 ndi 42.

Tinakhala pansi kudikira. M'chipindamo munalibe wina, ife tokha. Ataitana 41 tinadzuka, ndipo tili pakauntala belu linaliranso, 42. Mtsikana wa pakauntalayo sanadzutse n'komwe mutu. Anangonena mawu pang'ono motopa, Ndaziona n'kundimasulira kuti akuti kamakinako kanaonongeka, tsiku lililonse kamaitana nambala yopanda mwini kuyambira pamene anayamba kusamutsa mapepala. Ndinacheuka. Mpando woyandikana ndi umene ndinakhala ine unali wonyowa, madzi akudontha pansi, tho, tho.

Mtsikana uja anatiitanira mayi woyang'anira mapepala akale, dzina lake Hiltje, chimzimayi chachitali chovala juzi yamwamuna, koma chansangala. Ataona envulopu ija nkhope inasintha. Anaigwira, n'kupukuta zala pajuzi, n'kutiuza kuti timutsatire.

Tinatsika masitepe kupita kuchipinda cha pansi pa nthaka. Abale, anthu aja amalemba! Mashelefu kuchokera pansi mpaka kudenga, mabuku akuluakulu ngati Baibulo la paguwa, ena a zaka mazana atatu. Hiltje ankafotokoza, Ndaziona akumasulira. Akuti kale makompyuta asanabwere, aliyense wokhala m'tauniyo anali ndi khadi lake. Ukabadwa alemba, ukakwatira alemba, ukasamuka nyumba alemba, ukamwalira alemba n'kulitseka. Koma munthu akangosowa osatsanzika, ankadinda chidindo choti wachoka, kolowera sikukudziwika, ndipo khadi lotero silitsekedwa. Limangokhala, kudikira mwini wake.

"Ndiye kuti kuno munthu safa mpaka akalaliki atavomera?" ndinafunsa.

Hiltje anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunathera panjira.

Kumapeto kwa chipindacho kunali nkhalamba ina ikumanga makatoni ndi tepi. Hiltje anati amenewo ndi a Douwe, anali kalaliki wa tauniyo zaka makumi anayi, anapuma kalekale koma anadzipereka okha kudzathandiza kusamutsa. Munthu wabwino kwambiri, akuti, woimba kwaya. Anatigwedezera mutu osatiyang'ana. Ine maso anga sachedwa: ndinaona kuti miyendo ya buluku lawo inali yonyowa mpaka m'mawondo.

Pakati pa chipinda, pasimenti, panali bokosi limodzi lokha, pansi pake padazungulira madzi. Pambali anaikapo makina oyamwa chinyezi, akungolira huu. Hiltje anati bokosi limenelo lamusowetsa mtendere. Analikweza mulole katatu, iye mwini n'kulembera kuti lapita. Katatu konse analipeza pomwepo m'mawa mwake. Anaitana okonza mipope, sanapeze podontha. Ndipo m'bokosi lonselo makadi ena onse ndi ouma, lonyowa ndi limodzi.

Analitulutsa ndi zala ziwiri. Sindidziwa Chidatchi koma dzina ndinaliwerenga ndekha. Yotamu Kamchacha. Ntcheu.

Hiltje anawerenga mokweza. Anafika tsiku lakuti. Ankakhala pa famu ya banja la Rinsma. Anachoka, kolowera sikukudziwika. Kenako anatsitsa chala pa siginecha ya kalaliki amene anadinda. Anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana nkhalamba ija.

"Amayi," Ndaziona anandinong'oneza, "siginechayo ndi ya agogowa, ndipo dzina la bambo awo ndi Rinsma."

Tepi inasiya kulira. Makina oyamwa chinyezi aja anazima okha. M'chipindamo munangoti zii.

Ndiye tinamva pamasitepe. Phwava. Phwava. Phwava. Aliyense amene anayendapo ndi jombo zodzaza madzi akudziwa kulira kwake. Sikunali kuthamanga ayi, kunali kutsika kwa munthu wotopa. Fungo la khola linadzaza chipinda chonse, losakanikira ndi la matope a pansi pa madzi. Ndaziona, namwino amene amasambitsa mitembo osaphethira, anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Kuyendako kunafika pakhomo, kunadutsa pafupi nane moti tsaya langa linazizira, n'kukathera pa kampando kamatabwa kamene kanali pafupi ndi bokosi. Kampandoko kanalira, kwee.

Sindinaone munthu. Ndikanena kuti ndinaona ndinama. Koma malo amenewo maso ankakana kukhazikikapo, ngati mmene umachitira ukamayang'ana utsi. Ndipo pansi pa mpandowo madzi anayamba kuyenderera.

Pakamwa panga mumapadziwa, sipadikira chilolezo.

"Alamu," ndinatero, "ndi inu kodi?"

Mluzu. Chapansipansi. Kawiri m'mwamba, kamodzi pansi.

Nkhalamba ija inavula kapusi. Inayenda mokoka miyendo, osabwera kwa Hiltje, osabwera kwa ife, koma kukaima kutsogolo kwa mpando wopanda munthuwo. Ndipo inayamba kuyankhula nawo mpandowo, ikutchula dzina, Yotamu, Yotamu. Ndaziona ankandimasulira kukhutu, misozi ili chuchuchu.

Famuyo inali ya mkulu wake wa Douwe. Maphunziro atatha, mkuluyo anamukakamira Yotamu chifukwa ng'ombe zinkamumvera kuposa mwini wake. Anamuuza kuti mapepala akonza, koma sanakonze, ndipo chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chinatha. M'mawa wina wachisanu thole linathawa n'kukaterereka pakati pa ngalande youndana. Mkuluyo anatuma Yotamu kuti akalitenge, mwana wa ku Ntcheu amene sanayendepo pamwamba pa madzi chibadwire. Thole analikankhira kumtunda. Iye pansi panasweka. Anamuvuula masana, atauma kale.

Akanakanena kupolisi, mkuluyo akanamangidwa chifukwa chogwiritsa ntchito munthu wopanda mapepala, famu ya makolo n'kupita. Ndiye anamukwirira kuseri kwa khola, pambuyo pake n'kuthirapo simenti. Douwe anapita ku ofesi Lolemba, anatenga chidindo, n'kudinda. Kalata ya mishoni itabwera anayankhanso ndi iye yemwe, mizere iwiri ija.

"Mkulu wanga anamwalira osanena," inatero nkhalambayo kuuza mpando. "Ine ndinabwerera muno kuti khadi lako lisapite kumzinda, kumene akalijambule aliyense n'kumaliwerenga. Ndinaliponya m'ngalande, ndinalipeza muno. Ndinalitentha kawiri. Yotamu, sunachoke. Ndinalemba bodza. Sunachoke."

Inagwada pamadzi pomwepo, mawondo kuti khu.

Hiltje anagwira pakamwa. Kenako anatulutsa pensulo m'thumba la juzi. Ine ndinati, kudzera mwa Ndaziona, afufute chidindo chabodzacho. Anapukusa mutu.

"Muno sitifufuta kanthu," anatero. "Cholembedwa chimakhala, ngakhale chabodza, kuti obwera m'mbuyo adzaone amene ananama. Timangowonjezera pansi pake."

Anafunsa Douwe tsiku lake, n'kulemba pakapepala kena koyera kuti munthuyu anamwalira m'tauni muno pa 9 Januwale 1990, malinga ndi umboni wa kalaliki amene anadinda. Anauza nkhalambayo kuti isayine, inasayina, n'kukaphatika kakapepalako pakhadi. Tikuyang'ana choncho, ngodya ya khadilo inayamba kupindika ngati tsamba la fodya pachigafa. Linauma. Makina aja anayakanso okha, huu. Mpando unaliranso kamodzi, ngati munthu wadzuka.

Apolisi anakaswa simenti ija sabata yomweyo. Anapeza mafupa ndi jombo ziwiri. Mwezi wa Malichi ndinabwerera kumudzi ndi chikalata cha imfa m'chikwama, mafupa n'kubwera pambuyo m'kabokosi. ANazimbiri atamva analira kulira kumene sindinakumvepo, kwa zaka makumi atatu ndi zisanu kotulukira pakhosi limodzi. Maliro anachitika, akuchimuna anabwera mitu ili pansi, anawameta, anawasudzula. Palibenso mwana amene anati aDikirani.

Ine ndinati basi zatha, tsopano nditafune nkhani. Tangoganizani, nkhani yoposa zonse zimene ndinagwirapo pa moyo wanga, ndipo mboni ndine ndemwe! Ndinapita pachigayo nditavala juzi ya ku Holland, amayi n'kundizungulira. Nditangoti ndiyasame, m'kamwa munadzaza madzi. Ozizira, onunkha matope. Ndinalavula, ndinayesanso, chimodzimodzi. Anthu anati ndadwala chimfine cha kwa azungu. Za mitengo ya feteleza ndinkayankhula bwinobwino, za mwana wa abusa amene anapezeka ndi mimba ndinkayankhula, koma ndikangoti Yotamu, madzi.

Nditafika kunyumba tsiku limenelo, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinawapeza. Mapazi a jombo, onyowa, ochokera kumsewu, odzathera pakhomo. Osati pa aNazimbiri. Panga.

Ndinasesa. M'mawa mwake analipo. Ndinathira phulusa, anaonekera bwino kuposa kale. Bambo akunyumba anandifunsa kuti kodi mwamuna wa dimba uja wasamukira kwathu? Sindinaseke. Masiku anayi ndinalimba mtima, koma tsiku lachisanu ndinapeza mapaziwo atadutsa pakhomo, atalowa pabalaza, n'kukaima pafupi ndi mpando umene ndimakhalapo ndikamacheza ndi alendo.

Ndinamanga chitenje n'kupita kwa aneba. Ndinawapeza pamkeka akusankha nyemba, mutu uli mpala. Ndinakhala pansi, pafumbi, osadikira kuti andipatse pokhala.

"ANazimbiri, ndabwera ndi mawu."

"Inu mumabwera ndi chiyaninso china?"

"Mzungu wa dzino lagolide uja."

Sanasiye kusankha nyemba.

"Kunalibe. Ndinamupanga ndine, tsiku lomwe lija tikuchokera kwa ahedi. Inu mutalowa m'nyumba kukalira, ine ndinapita kuchitsime. Anandifunsa kuti kalata yati chiyani, ndiye mizere iwiri ija inandionekera yosakoma, ndinathirako mchere."

M'kamwa munali mouma. Koyamba m'sabata yonse.

"Mwatha?" anafunsa.

"Ayi." Ndinapitiriza. "Yotamu ndinkamufuna ine. Anandidumpha n'kudzafunsira inu. Nditamva kuti wasowa, mtima wina unakondwa kuti nanunso mwamutaya."

Anatola kamwala m'nyembamo, anakayang'ana, n'kukaponya kutali.

"Dzino lagolide munalitenga kwa mkazi wa dokotala wa kumishoni. Tsitsi la chimanga ndi la sisitere uja ankatibaya katemera. Ndinadziwa chaka chomwecho, make Ndaziona. Mukuganiza kuti kalata ija ndinakupatsirani chifukwa chiyani? Mwana wa a Chimbalanga amapita ku Holland chaka ndi chaka, sindinamutumepo."

Ndinayamba kulira, ndikuti andikhululukire, tiiwale, zikhale ngati sizinachitike.

"Kuiwala ayi," anatero. "Munandiuza nokha zimene ananena mayi wa mapepala uja, zoti cholembedwa sichifufutidwa. Komanso bodzalo simunalinene pamkeka pano. Munalinena pagulu."

Lachiwiri ndi tsiku limene pachigayo pamadzaza. Ndinapempha wachigayo kuti azimitse injini, anazimitsa akudabwa. ANazimbiri anaima kumbuyo, mpango wakuda kumutu, manja atapinda pachifuwa. Panali amayi a tomato aja, panali alongo ake a Yotamu awiri, panali ndi ena amene anabadwa nkhaniyo ili kale m'kamwa mwa anthu. Ndinakwera pathumba la chimanga kuti aliyense andione.

Ndinanena zonse, kuyambira kuchitsime mpaka za mtima wanga, osasiyako n'kamodzi komwe. Palibe anaseka. Mlongo wake wamkulu wa Yotamu analavula pansi n'kutembenuka, ndipo mpaka lero sandipatsa moni, ine sindimudandaula.

Pobwerera aNazimbiri anandisenzetsa ufa wawo, iwo patsogolo ine pambuyo. Titafika pakhomo panga anaima n'kuloza pansi ndi chibwano. Mapazi analipo, akuuma kale m'mbali mwake. Anachokera pabalaza, anatsika khonde, anadutsa pakhomo pa aNazimbiri pamene anaoneka kuti anaima pang'ono, n'kulowera njira ya kumanda.

Douwe anaulula kwa mpando wopanda munthu. Ine ndinaulula kwa mkazi amene ankadziwa kale, kenako kwa chigayo chonse. Mzungu wa dzino lagolide kunalibe, ndinamupanga ndine, ndipo izi ndalembazi ndiye zowonjezera pansi pake.